Tsiku Limene Kamoto Anawotcherera Sipiringi

1. Pirira abwera chotsimphina

Galimoto ija inamveka isanaoneke. Inali pikapu yakalekale, yoti ngakhale mwini wake anaiwala mtundu wa penti wake woyamba. Kumbuyo kwake kunalembedwa liwu limodzi lokha: PIRIRA. Anthu ankati liwulo sanalembere galimoto, analembera okwera.

M'mawa umenewo Pirira anafika pamalo owotcherera zitsulo atapendekera kumanzere ngati munthu woponda minga. Sanavutike n'kuliza hutala, pakuti geti la pamalopo linali losatseka. Chotsekera chake chinathyoka chaka chatha, ndipo madzulo ankangolimanga ndi waya. Musadabwe. Telala amayenda ndi buluku long'ambika, wowotcherera amagona ndi geti la waya.

Kamoto anakweza chigoba chotchinga kumaso n'kuchisiya pamphumi. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwana wachiwiri wa Amisiri, eni malowo. Dzinali anam'patsa ndi makasitomala, ati chifukwa moto unkachita kumumvera. Chigobacho chinali cha bambo ake. Anam'patsa maso awo atayamba kuchita chifunga, ngakhale abale onse ankati ntchito ya moto si ya mwana wamkazi. Kamoto ankachisamala kuposa nsapato zake za kutchalitchi.

Woyamba kutsika m'galimoto anali dalaivala, bambo wachikulire wowonda amene anthu ankawatchula kuti a Nanzikambe. Pa zaka makumi atatu za chiwongolero, palibe anawaonapo akupitirira ngakhale njinga.

Wachiwiri anali mwini galimoto, mwamuna wa mkulu wake wa Kamoto. Awa anali a Ziyenda. Tayala likatha, "Ziyenda." Mabuleki akamalira, "Ziyenda." Akuti ngakhale tsiku la ukwati, atafunsidwa ngati adzasunge mkazi, anayankha chomwecho.

"Apongozi, onani mmene galu uyu wandiphera galimoto," anatero a Ziyenda.

"Bwana, ine ndinangodutsa pakadzenje kakang'ono..."

Phaa! Khofi linatera patsaya la a Nanzikambe. Chipewa chawo chinauluka n'kukagwera m'chithaphwi cha oyilo. Bambo wa imvi anawerama kutola chipewa, a Ziyenda n'kuwawonjezera bondo m'nthiti.

Amisiri anamenya nyundo patebulo lachitsulo kamodzi kokha. Aliyense anaima.

"Mkamwini," anatero, "pano pamamenyedwa chitsulo, osati anthu."

2. Chitsulo chipereka umboni

Amisiri anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto chagada. "Kamoto, bwera ukhale maso anga."

Masipiringi a pikapu ndi zitsulo zazitali zosanjikizana, chachitali pamwamba, zazifupi pansi pake. Chapamwambacho ndicho chimagwira ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo, kuti isasunthe pamalo pake. Chimenecho ndicho chinali chitathyoka mbali ya kumanzere.

"Pamene pathyokapo ukuonapo chiyani?" anafunsa Amisiri.

"Theka ndi lakuda, ladzimbiri. Theka linalo likuwala."

"Basi. Chitsulo chapereka umboni."

Anatuluka, nakhala pakatoni pomwepo, n'kuloza a Ziyenda ndi nyundo.

"Mkamwini, mwamenya munthu wosalakwa. Pakudapo ndi mng'alu wakale, wa miyezi yambiri. Powalapo ndi pamene pangomalizika lero. Sipiringi siifa tsiku limodzi. Imadwala kaye, imabuula, eni ake n'kumakweza wailesi.

"Yambani ndi dzimbiri. Matope amakhala pakati pa zitsulozi, madzi amalowa, amagona momwemo. Inu kunsi simutsuka, mumangopukuta galasi lomwe mumadziyang'anirapo. Dzimbiri limakumba kadzenje, kadzenje kamabala mng'alu, mng'alu umakula ngati mwana wodya bwino.

"Ndiye pali katundu. Galimoto iyi anaipangira matumba makumi awiri a simenti. Inu mumaika makumi anayi, pamwamba anthu, pamwamba pa anthu wilibala. Onaninso mashokomzoba awa, amene ntchito yawo ndi kuletsa galimoto kudumphadumpha. Anauma oyilo mwana wanu woyamba asanamere mano, lero mwanayo akutafuna mafupa. Choncho nkhonya iliyonse ya dzenje la pamsewu ikulandira ndi sipiringi yokha. Mabawuti omanga zitsulozi pamodzi nawo anakhwepa, ndiye chitsulo chilichonse chikusenza chokha ngati ana a masiye. Kwatsalako ndi ukalamba. Tengani waya, mupindire uku, mupindire uko, mupindire uku. Simusowa mpeni, aduka yekha. Pirira wakhala akupinda zitsulo zimenezi inu musanayambe kumeta ndevu."

A Ziyenda anayasamula. "Zamveka, apongozi. Ndiye tingowotcherera. Mphindi khumi basi. Ziyenda."

"Sipiringi sawotcherera."

"Aaa, chitsulo ndi chitsulo."

"Ayi. Chitsulo cha sipiringi anachiphika mwapadera kuti chizipinda n'kubwerera. Mukachiyandikizira moto wathuwu chimaiwala kupinda, chimauma gwa ngati galasi. Pamene mwawotchapo pamaoneka bwino, pamagwiradi. Koma m'mbali mwake ndimo mumathyoka, ndipo sichitsanzika. Sichithyokera pano pageti tikuona. Chimadikira pamtsetse, katundu ali pamsana. Ine ndinawotchererapo imodzi ndili mnyamata, ndikufuna kutamidwa. Patatha masiku atatu ndinakanyamula nawo bokosi la mayi amene anakwera galimoto imeneyo. Phewa ili silinaiwale. Kaguleni masipiringi ena, awiri, mbali zonse, pakuti inzakeyo yakalamba chimodzimodzi. Kufikira pamenepo galimoto iyi isatuluke."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwenso wamva. Geti wotcherera. Mpando wotcherera. Bodi ya galimoto wotcherera. Koma tsiku limene udzayatse moto pa sipiringi, chigoba changacho udzachikoleke pamsomali uwo, ndipo usadzachikhudzenso."

"Ndamva, ababa."

Amisiri anasamba m'manja, navala jekete, n'kunyamuka kupita kuchipatala. Linali tsiku lawo lokapalitsa diso la kumanja.

3. Chitseko cha zala zisanu

A Ziyenda anatsanzika kuti akukafunsa masipiringi. Sanafike patali. Amisiri atangokhota pakona, iwo anatulukira kuseri kwa mulu wa malata ngati khoswe woona kuti mphaka wachoka.

"Alamu anga a golide," anatero, mano onse pamtunda. "Dzanja lanulo tawuni yonse ikulikamba."

"Alamu, mwamva nokha zimene anena ababa."

"Madala aja? Maso anapita, dzanja linayamba kuvina. Munthu miyendo ikamuthera amati ng'oma ndiyo yaipa. Kapena n'zoona zimene amanena anyamata a kugalaja ya kumtunda, kuti mtsikana wa Amisiri amangotha zoikapo mapoto ndi timipando ta kusukulu ya mkaka?"

Mawuwo anamulasa Kamoto, koma anangotola kanyundo kake n'kubwerera ku windo limene ankalumikiza.

"Asiyeni anene. Sipiringi sindiwotcherera."

Kumwetulira kuja kunazima ngati magetsi. A Ziyenda anamugwira pamkono n'kuupotokola mpaka kanyundo kanagwa pansi.

"Tamvera, kamtsikana iwe. Pali simenti yondidikira kuti ifike pamalo omanga lero. Ikapanda kufika, ntchito imeneyo apatsa wina, ndipo ine ndibwerera kunyumba ndi mkwiyo. Ukudziwa amene amalandira mkwiyo wanga kunyumba?"

Kamoto ankadziwa. Mwezi watha mkulu wake anabwera kudzacheza diso litatupa, n'kunena kuti anagunda chitseko. Chitseko cha kwa a Ziyenda chinali chodabwitsa: chinali ndi zala zisanu.

"Mwana wanga, usatero," anatero a Nanzikambe ali chikhalire patayala lakale. "Bambo ako anena zoona."

A Ziyenda sanatembenuke n'komwe. Anangoponya mwendo cham'mbuyo, nsapato n'kutera pamimba pa dalaivala. A Nanzikambe anagudubuka pa tayala paja n'kupindika pansi, akusaka mpweya.

"Wina alipo wofuna kulalikira?"

Kamoto anayang'ana bambo wogona m'fumbi uja. Anayang'ana mkono wake, umene unali utayamba kale kutupa. Anayang'ana msomali wa pakhoma. Kenako anatsitsa chigoba kumaso.

Anakweza galimoto pa jeke, nalumikiza zidutswa ziwiri zija, nazipana. Moto unalira, nthethe zinauluka. Kunena zoona, ntchito inali yokongola. Mzere wowotcherera unatuluka wosalala, wowongoka ngati msoko wa telala wodziwa. Akanakhala mpando, bwenzi adzukulu atadzaukhalira.

"Eyaa! Ndimanena ine!" anakuwa a Ziyenda. "Tsopano pakanipo penti wakuda, kuti apongozi asadwale mtima."

Burashi inali itauma, choncho Kamoto anaviika kansanza m'chitini n'kupaka ndi manja. Penti analowa m'zala, analowa m'zikhadabo. Sipiringi inawala ngati yatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A Nanzikambe anadzuka akugwira pamimba. "Bwana, ine iyi sindiyendetsa."

"Ndiye tula makiyi, ukadyetse ana ako malangizo a apongozi."

Bambo uja anayang'ana makiyi nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa chawo cha oyilo n'kukwera. Potuluka pageti anasuzumira pawindo.

"Usadandaule, mwana wanga. Ndiyenda pang'onopang'ono."

A Nanzikambe kuyenda pang'ono kuposa masiku onse, ndiye kuti kuyenda chobwerera m'mbuyo. Koma tsiku limenelo palibe anaseka.

4. Pamtsetse

Msewu wodutsa pageti la Amisiri unkatsetsereka mpaka kukamlatho, ndipo m'mbali mwake, cha kumunsi, munali mabenchi a anthu ogulitsa malonda.

Dzuwa litapendeka pang'ono, Kamoto anamva kubuula kumene ankakudziwa. Anathamangira pageti, kanyundo kali m'manja. Pirira ankabwera, mimba ikukhula pansi. Matumba a simenti anasanjikizana kupitirira denga. Pamwamba pa matumba panakhala anyamata atatu aganyu. Pamwamba pa anyamata, monga Amisiri ananenera, panali wilibala.

A Ziyenda anatulutsa dzanja pawindo. "Alamu! Mwaona? Ziyenda!"

Galimoto inayamba mtsetse. A Nanzikambe ankatsika mwaulemu ngati wonyamula mazira. Anazemba dzenje loyamba. Anazemba lachiwiri. Lachitatu linali lodutsa msewu wonse, lopanda pozembera.

Thwaa!

Phokosolo linamveka ngati mfuti. Tayala lakumbuyo la kumanzere linathawira m'mbuyo n'kukaluma bodi. Galimoto inatembenuka n'kuyamba kutsika cham'mbali ngati nkhanu. Tayala lija linaphulika. Anyamata awiri anadumpha. Wachitatu anagwira wilibala, ngati kuti wilibala ingapulumutse munthu.

Pirira anagunda benchi ya tomato, nakwera m'mphepete mwa ngalande, naima kamphindi ndi matayala awiri, kenako anagwa cham'mbali. Matumba anakhuthuka onse. Fumbi la simenti linakwera ngati utsi wa nyumba yopsa.

M'kati mwa fumbilo munthu anayamba kukuwa. "Mwendo wanga! Mayo, mwendo wanga!"

Kamoto sanadziwe kuti wayamba liti kuthamanga.

5. Bweretsani tayala

Woyamba kutuluka m'galimoto anali a Ziyenda, wathunthu, wopanda ngakhale kabala. Anthu otere ngozi imawalambalala, kaya imawaopa. Anaima pamwamba pa chitseko, anaona khamu likuthamangira pamalopo, ndipo mutu wawo unagwira ntchito msanga kuposa mabuleki a Pirira.

"Dalaivala uyu waledzera!" anakuwa. "Ndamuuza kuti chepetsa liwiro, iye kuponda moto! Wapha mwana wa eni!"

Khamu silifunsa mafunso. Manja khumi analowa pawindo n'kusolola a Nanzikambe ngati mbewa kuuna. Magazi ankatsika pamphumi pawo. Anayesa kukweza dzanja kuti alankhule, koma nkhonya inawatseka pakamwa. Anagwa. Nsapato zinayamba kuwagwera ngati matalala, m'nthiti, kumsana, m'mutu. Wina anathyola mwendo wa benchi ija n'kuwakwapula nawo. Anthu ena ongofika kumene ankamenya kaye kenako n'kufunsa kuti, "Kodi waba chiyani?"

A Ziyenda anatsika ndi sipanala yomasulira matayala. Anafuna kuti dalaivala asapeze mpata wotsegula pakamwa. Anamenya pamkono umene a Nanzikambe anatchinga nawo kumutu, ndipo fupa linamveka kulira.

"Bweretsani tayala!" anakuwa wina kumbuyo. "Petulo ali m'galimoto momwemo!"

Kamoto anaima m'mphepete mwa ngalande. Palibe ankamuyang'ana. Palibe ankadziwa. Akanabwerera kumtunda, n'kusamba m'manja ndi palafini, chigoba chikanakhala chake mpaka kukalamba. Anabisa zala zakuda zija m'thumba la ovololo.

Mnyamata wina anadutsa pafupi naye akugudubuza tayala.

Kamoto anatulutsa manja m'thumba.

Galimoto inali itagona cham'mbali, mimba yonse poyera ngati mbuzi yosendedwa. Iye anakwera pa tayala, naima pamwamba, n'kuyamba kumenya bodi ndi kanyundo kake ndi mphamvu zake zonse. Nge! Nge! Nge! Nge! Phokoso la chitsulo linapyoza makutu. Miyendo inaima m'malere. Nkhope zoyera ndi simenti zinatembenuka.

"Asiyeni bambowo!" anakuwa. "Sanaledzere! Sanathamange! Nonse mukuwadziwa, ndi a Nanzikambe! Ndani pano anawaonapo akupitirira njinga?"

Anthu anayang'anizana.

"Galimoto yagwa chifukwa sipiringi yathyoka. Sipiringiyo inathyoka kale m'mawa. Bambo anga anakana kuiwotcherera. Atachoka, ndawotcherera ndine, ndapaka penti ndine, kuti isaoneke. Onani manja anga! Ondikakamiza ndi alamu angawa. Dalaivala anakana kuyendetsa, iwo anamumenya."

"Hule wabodza iwe!" A Ziyenda anamugwira mwendo n'kumukokera pansi. Kamoto anagwa chagada pa matumba. Sipanala inatsika. Anapotoloka, koma nsonga yake inamung'amba pamwamba pa diso. Magazi anadzaza nkhope. Sipanala inakweranso, koma ulendo uno dzanja lina linaigwira m'mwamba.

Anali makaniko wa ovololo yobiriwira, mmodzi wa anyamata a kugalaja ya kumtunda aja. Analanda sipanala, nakankha a Ziyenda, n'kupita kunsi kwa galimoto. Anakhudza sipiringi ndi chala. Chala chinabwerako chakuda.

"Penti sanaume n'komwe," anatero mokweza. "Yathyokera m'mbali mwa powotcherera. Mtsikanayu akunena zoona." Anayang'anitsitsanso n'kupukusa mutu. "Pamene wawotchapo sipanasunthe. Dzanja lilipo, chemwali. Mutu ndiwo unapita kutchuthi."

Khamu linatembenuka ngati mphepo. Mmodzi wa aganyu odumpha aja anamuwomba Kamoto khofi lomwe linamugwetsanso pansi. "Mng'ono wanga uyo ali apoyo chifukwa cha iwe!" Ena anayamba kusaka a Ziyenda. Wa tayala uja anali asanalitaye, ankangodikira kuti auzidwe khosi latsopano.

Pamenepo mayi wa benchi ya tomato, mayi wamkulu thupi, anaima pakati n'kutambasula manja. Anali wofiira ndi tomato kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amuna inu, manyazi mulibe? Mwendo wa mwana uli pansi pa simenti, akukuwa mpaka mawu atha, inu muli kalikiliki kusankha woti mumuphe! Mwamenya nkhalamba yosalakwa, mwaithyola mkono. Tsopano mukufuna kamtsikana kamene kanena zoona pamene nonsenu munalibe ngakhale funso. Mukakawotcha, mawa ndani adzatsegule pakamwa? Benchi yaphwanyika ndi yanga, tomato ndi wanga, koma ine sindikufuna mtembo. Mphamvu zomenyera munthuzo nyamulirani matumba! Iwe wa tayala, taya chimenecho, gwira uku!"

Anthu amene mphindi yapitayo anali zilombo anasanduka aganyu. Anachotsa matumba, nasolola mnyamata uja. Mwendo wake unali utapindika pamalo pamene mwendo supinda. Anaimitsa lole yodutsa, namukweza pamodzi ndi a Nanzikambe.

Akuwanyamula, a Nanzikambe anatsegula diso limodzi lotsala n'kuyang'ana Kamoto. Milomo yotupa inagwedezeka. "Ndinayenda pang'ono, mwana wanga."

"Ndinaona, bambo."

Pamene anthu anakumbukira a Ziyenda, pamalo pamene anaima panali nsapato imodzi yokha.

6. Msomali

Amisiri anafika dzuwa likadali pamwamba pa madenga, diso la kumanja litamatidwa ndi thonje. Njira yochokera kuchipatala inkadutsa pakamlatho, choncho sanafunike kuuzidwa. Anali ataima pamene panagwera Pirira, atakhudza sipiringi, atanunkhiza chala chawo.

Anapeza Kamoto atakhala pa tayala lakale lija, atagwira kansalu pachilonda. Anayang'ana pakhoma ndi diso lawo limodzi. Chigoba chinali pamsomali.

"Wakoleka ndani?"

"Ndakoleka ndekha, ababa."

Amisiri anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Mayi wa tomato wandiuza zonse. Akuti unakwera pagalimoto n'kudziulula pakati pa anthu onyamula tayala. Pakanapanda iwe, mnzanga Nanzikambe bwenzi pano ali phulusa. Chimenecho ndachimva, ndipo sindidzachiiwala. Koma usaganize kuti chafafaniza chinacho. Mnyamata uja ali ndi zaka zako. Amadya ndi miyendo yake, amasenza matumba kuti kwawo aphike. Adokotala akalephera, mwendo umenewo wadula ndiwe, ndi dzanja lokongola lomwelo. Ntchito yathu ino, mwana wanga, si ya kugwiritsa zitsulo ayi. Aliyense angaphunzire kugwiritsa zitsulo. Mmisiri ndi amene amadziwa kunena kuti ichi sindichita, ngakhale amunyengerere, ngakhale amunyoze, ngakhale amupotokole mkono. Mawa m'mawa tipita kupolisi, ukanene zimene wanena pamsewu. Tikachoka kumeneko tipita kuchipatala, ukayang'ane mayi a mnyamatayo m'maso."

"Ndipita, ababa. Nanga chigoba?"

"Mawu anga sindibweza. Mnyamata uja akadzalowa pageti ili ndi miyendo yake iwiri, tidzakambirana za msomali. Akapanda kulowa, dzimbiri lidye chigobacho tikuona."

Kamoto anagwedeza mutu. Sanalire.

"Tsopano ndiuze chinthu chimodzi," anapitiriza Amisiri. "Iwe si wogontha. Unamva bwinobwino. Anakuuza chiyani munthu ameneyu?"

Kamoto anawauza za mkwiyo wopita kunyumba. Anawauza za diso la mkulu wake, ndi za chitseko cha zala zisanu.

Amisiri anayang'ana mpando umene anakhalapo.

"Mkulu wako anabwera pano mwezi watha," anatero motsitsa. "Anakhala pampando uno. Ndinamufunsa za ana, ndinamufunsa za mvula." Anakhudza thonje la padiso. "Ndiye kuti maso angawa anafa kale kuposa mmene adokotala akunenera. Mng'alu unali m'nyumba mwanga, ine ndili kalikiliki kuwerenga ming'alu ya galimoto za eni."

Asanamalize, geti linakankhidwa mwamphamvu mpaka linagunda khoma. Analowa mkulu wake wa Kamoto, wopanda nsapato, mwana kumsana, wina akumukoka padzanja. Mlomo wake unali wong'ambika, bulauzi yamagazi.

"Ababa, tsekani geti!" anatero akupuma mwabefu. "Amuna anga afika kunyumba ndi nsapato imodzi. Akuti Kamoto wawayalutsa pagulu. Andimenya, kenako apita kukatenga anzawo awiri. Atenga chikwanje. Akuti ayambira pa Kamoto, amalizira pa inu."

Amisiri anadzuka n'kukankha geti. Zitseko zake ziwiri zinakumana pakati, kenako zinatsegukanso zokha pang'onopang'ono, monga zinkachitira chaka chonse. Kawaya komangira kanali lende, kopindidwapindidwa, kotsala pang'ono kuduka.

Pansi pafupi ndi geti panali chitsulo chochindikala chotalika ngati mkono. Makina owotcherera anali akadali oyaka, akung'ung'udza pakona. Mphindi zitatu zikanakwana kulumikiza zitseko ziwirizo kuti ngakhale ng'ombe isadutse. Amisiri anatola chogwirira moto, nachiyandikiza pachitsulo, koma dzanja linavina ndipo diso lotsalalo linangoona chifunga.

Kumtunda kwa msewu kunamveka njinga zamoto ziwiri zikutsika.

Kamoto anayang'ana msomali. Bambo ake nawo anatembenuka n'kuyang'ana msomali womwewo.